Phoso la a Laisoni

Aliyense amene anapunthitsako mpunga pa Golomoti zaka zimenezo a Laisoni amawadziwa, ngakhale ambiri nkhope yawo yeniyeni sankaidziwa. Aidziwe bwanji? Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka munthuyo amakhala ali mbuu ndi madeya, nsidze mbuu, ndevu mbuu, m'makutu momwe mbuu. Ana ang'onoang'ono ankayesa kuti ndi nkhalamba ya imvi. Ndiye Lamulungu akasamba n'kuvala shati yawo yabuluu, anthu kutchalitchi amachita kugwedezana kuti mlendoyu ndi wa kwa yani, pamene ndi a Laisoni omwewo, bambo wa zaka makumi anayi basi, wamtali, wakuda bii, wosakonda zoyankhulayankhula.

Ntchito yawo inali yoyendetsa makina opunthira mpunga pachigayo cha a Nelson, kuseri kwa msika. Koma kungoti kuyendetsa n'kuwachepetsa. Makinawo ankawamva ndi khutu! Amatha kukhala panja akumwa madzi, n'kusiya kapu pansi, kuthamangira mkati chifukwa amva kuti lamba wayamba kuterereka, pamene enanu mukungomva phokoso basi. Atole njere imodzi, ailume, n'kukuuzani kuti mayi, uwu mwauyanika patala masiku ambiri, usweka. Kapena uwu mwaufulumirira, ukadali ndi madzi, kauyanikeninso mpaka mawa masana. Ndipo zimakhaladi choncho. Amayi olima kusikimu ya mthirira ya Bwanje ankalambalala zigayo zina ziwiri, matumba ali panjinga, kuti Kilombero wawo adutse m'manja mwa a Laisoni, chifukwa amatuluka wathunthu, woyera, fungo lake kufika kumsewu.

Kwawo kwenikweni sikunali kuno. Anabadwira kumtunda, cha ku Lizulu, kozizira mpaka mano kugundana. Msewu wa m'phiri wa Khwekhwerere anautsika koyamba ali mnyamata, atakhala pamwamba pa matumba a kabichi palole, chingwe atachigwira ndi manja onse awiri chifukwa cha makona aja. Anangobwera kwa tsiku limodzi lokha, kudzagulitsa kabichi wa amalume awo. Koma pamsika panali mtsikana wina, dzina lake Edith, akugulitsa malambe, ndipo akuti tsiku limenelo a Laisoni anagula malambe katatu, pamene malambe sankawakonda n'komwe. Chaka chisanathe ankhoswe anali atakumana, iwo n'kudzalowa chikamwini pamudzi pa Edith.

Apongozi anawapatsa puloti imodzi kusikimu, koma inali puloti yoti aliyense ankaikana: mbali ina yokwera, madzi osafika, mbali ina yolowa, mbande n'kumamira. Awiriwo anaisalaza ndi manja, kututa dothi pabeseni kuchoka uku kukathira uko, zaka ziwiri zathunthu. Chaka chachitatu anthu amachita kuima pamgula kuonerera mpunga wake. Tawina, mwana wawo mmodzi yekhayo, anabadwa chaka chimenecho. Kuchigayo a Laisoni anayamba ngati ganyu wa m'chilimwe, kunyamula matumba, koma khutu lawo lija linawakhazika pamakina mpaka kale.

Tawina ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Edith anadwala. Anayesa kuchipatala, anayesa mapemphero, mwezi umodzi basi, anatisiya. Patatha chaka panachitika mwambo wa kusudzula. Anakhala pansi pa mtengo wa bwemba, akuchikazi mbali iyi, abale ochokera ku Lizulu mbali iyo. Panalibe chipongwe ngakhale pang'ono, zimenezi mumve bwino. Anawayamika kuti anali mkamwini wa ulemu, mkazi sanamukwezerepo dzanja, pamaliro sankasowa. Anawapatsa njinga yawo, bulangete, mapoto awiri ndi khasu. Kenako mawu aja anatuluka, akuti mwamasuka, mutha kupita kwanu, mutha kukwatira kumene mtima wanu ungafune. Puloti inapita kwa Fagness, mng'ono wake wa Edith. Tawina nayenso anapita kwa Fagness yemweyo, poti mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mkamwini wosudzulidwa sagona pamudzi pa eni.

Khasu anawapatsadi, koma poti alimepo panalibe. Ku Lizulu minda ya amayi awo inali itagawidwa kalekale kwa alongo awo ndi ana awo. Akanapita, akanawalandira bwino, kuwapatsa mpando pamilandu monga amalume, koma mzere ngakhale umodzi ayi. Chachikulu n'chakuti kuchokera ku Lizulu, mwana akanamamuona kangati pachaka? Phiri lija panjinga silikwereka, umachita kukankha tsiku lonse. Ndiye a Nelson anawauza kuti kuseri kwa chigayo kuli kachipinda kosungira malamba akutha, asesemo azigonamo. Anawonjezeranso phoso, chakudya cha wantchito: mbale imodzi ya mpunga wosweka tsiku lililonse. Malipiro ake anali oti sopo, mchere, yunifolomu ya mwana, basi atha.

Kachipindako kanali kotentha ngati uvuni wa njerwa, koma kanali ndi chinthu chimodzi chimene a Laisoni sakanasinthanitsa ndi nyumba ya malata: kazenera koyang'ana njira yopita kusukulu. M'mawa uliwonse, makina asanalire, Tawina amaima pakazenerapo n'kutulutsa pensulo. Iwo amatenga lezala imene ankasunga pamwamba pa chitseko, n'kuisongola pang'onopang'ono, kuiuzira, kuiyesa pachala, kuisongolanso. Nthawi zina pensuloyo imakhala yosongoka kale, koma palibe amene ankanena. Mapensulo a Tawina ankatha msanga kuposa a mwana aliyense m'kalasi mwake! Pa nthawi imeneyo ndi pamene ankawauza zonse, za aphunzitsi, za amene wamenyana ndi yani, za dzino likugwedera.

Fagness naye amadutsa pomwepo popita kumsika, ndipo chilamu chawo chinali chodziwika. Amawatchula kuti mzukwa wa m'chigayo, n'kumawafunsa kuti kumanda kwacha bwanji. Iwo amayankha kuti kwacha bwino, kukungosowa wophika, kodi akazi anga aang'ono mubwera liti? Fagness amatukwana pang'ono, kuseka, n'kumapita.

Zinthu zinasintha chaka chija magetsi ankazima tsiku lonse. A Nelson anagula injini ya dizilo, chigayo chawo n'kukhala chokhacho chimene chimalira dera lonseli. Koma dizilo amadula, ndipo tsiku lina anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi chinthu chokulunga m'nyuzipepala. Inali sefa yatsopano ya pansi pa makina, ija imene madeya amatulukira. A Laisoni anaikweza padzuwa, anaona kuti maso ake ndi aakulu. Tsono apa pali chizolowezi chimene aliyense amachidziwa: ukapunthitsa mpunga, umatenga mpunga wako, madeya amatsala pachigayo. Palibe anafunsapo za madeya chiyambire. Ndiye taganizani, mpeni wa m'makina ukaufinya pang'ono, mpunga wambiri umasweka. Sefa ikakhala ya maso aakulu, woswekawo umagwera limodzi ndi madeya. Madeya ndi a chigayo. Madzulo a Nelson amakweza matumba a madeya papikiapu, kunyumba kwawo n'kukawapeta, mpunga wa eni n'kukhala wawo.

A Laisoni anayankhula kamodzi kokha. Anati, "Bwana, amayiwa mpunga wawo amaudziwa."

A Nelson sanakalipe ayi. Anayang'ana kuseri kwa chigayo, n'kunena mofatsa kuti, "Kachipinda mukugona kaja, ndakhala ndikuganiza kuti migolo ya dizilo ingakhalemo bwino. Ikani sefayo."

Sefa inaikidwa.

Amayi anayamba kudabwa. Thumba limene limabweza ndowa zodzadza tsopano likubweza zoperewera, mpunganso uli zidutswazidutswa. Ena anati ndi dzuwa la chaka chino, ena anati ndi mbewu, ena anati madzi anachedwa kutsekulidwa. Amapita kwa a Laisoni ndi njere m'manja kuti ilumeni, mutiuze talakwitsa pati. Iwo amailuma, n'kuyang'ana pansi, osanena kanthu. Munthu woti kale amakuuza ngakhale tsiku limene unamweta!

Tsono pachigayopo panalinso Owen, wolandira matumba pakhomo, mnyamata wa folomu folo, woyankhula bwino, wakwaya. Owen analondola nkhaniyo yekha, ndipo tsiku la msika, mzere wa amayi utafika mpaka kumsewu, anachita chinthu chimene anthu mpaka lero amachifotokoza akuimirira. Anapita kuseri, anakoka thumba la madeya mpaka pakhomo, anapisa mkono wonse, anatulutsa dzanja lodzadza, n'kuuzira. Madeya anauluka, m'dzanja munatsala mpunga woyera tswee. Anayenda nalo dzanjalo mzere wonse kuti aliyense aone. Kenako anavula dasikoti yake ya pantchito, kuipinda bwinobwino, kuika pampando, makiyi pamwamba pake, a Nelson ali chiimire pomwepo.

"Ine ntchito yakuba sindigwira," anatero Owen. "Amayi anga sanandilere ndi mpunga wa anthu."

Amayi anaimba nthungululu. Owen anayenda pakati pamsewu osacheuka, ana akumuthamangira pambuyo. Pofika madzulo nkhani inali itafika ku Mua, mawa lake ku Mtakataka. Zinali zokoma kuziona, zimenezo palibe angatsutse, ndipo Owen sananame. Kungoti iye madzulo amenewo anakadya kwa amayi ake, amene anali ndi mapuloti awiri kusikimu, ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Mkazi wake anali mphunzitsi, mkulu wake ali ku Joni. Lolemba lake anali kale pangolo, akunyamulira anthu matumba, akuimba.

Mukuganiza kuti chigayo chinatsekedwa? Ayi ndithu. A Nelson analumbira kuti sefa yasinthidwa, pamene sinasinthidwe. Zigayo zinazo zinali zii kudikira magetsi, mavenda ali pamsewu kufuna mpunga wopunthapuntha, ana akufuna fizi. Amayi anabwerera ali okwiya, ndipo mkwiyo umagwera amene ukumuona. A Nelson anali bwana, munthu wa galimoto, wovuta kumutukwana pamaso. Amene anali pamakina, sipanala ili m'manja, anali a Laisoni. Anayamba kuwatchula kuti a Sefa. Kumphakati, akhristu akakumana m'mudzi, dzina la Owen limatchulidwa ngati chitsanzo, ndipo wina ananena poyera kuti ena chikumbumtima anachigulitsa ndi mbale ya mpunga. Lamulungu a Laisoni anayamba kukhala benchi yakumbuyo, ndipo nthawi yolandira Ukaristia ikafika samadzuka.

Masana ena Fagness anabwera. Sanafunse za kumanda. Anaima panja, chitenje atachimanga zolimba, n'kuwauza kuti Tawina wabwera kusukulu akulira, anzake apeka nyimbo ya mwana wa sefa. Anati wakhala pansi ndi amalume a mwanayo, agwirizana chimodzi.

"Alamu, mwina musiye ntchitoyi ngati mmene wachitira Owen, mwina mwanayu asiye kudutsa njira ino."

"Ndikasiya, ndikagona kuti?"

"Zimenezo munthu wamkulu amadziwa yekha."

Ananena mawuwo akuyang'ana kumbali, ndipo maso ake anali ofiira. Sanali munthu wankhanza Fagness. Anali ndi ana ake atatu, wachinayi Tawina, ndipo mpunga umene unkagwera m'madeyawo unali wake nayenso. Kuyambira mawa lake Tawina anayamba kuzungulira njira ya kunjanji. A Laisoni amadzukabe nthawi yomweyo, kutenga lezala, kuima pakazenera mpaka mwana womaliza adutse, n'kuibwezera pamwamba pa chitseko.

Anayesa, musaganize kuti anangokhala. Zigayo zina zinali ndi anthu awo, komanso sizinkagwira. Ganyu wa kusikimu ndi wa masabata, ndipo sabwera ndi pogona. Wina anawauza za kunyanja, kukakoka makoka, koma munthu wa ku Lizulu madzi ofika m'chiuno kwa iye ndi imfa. Pomaliza anasamba, anavala shati yabuluu ija pakati pa sabata, n'kupita kwa Owen.

Anamupeza akupaka girizi magudumu a ngolo. Owen anasangalala zedi, anawatulutsira mpando, anaitanitsa thobwa, n'kuyamba kuwalimbikitsa. Anati angosiya basi, Mulungu sataya munthu wake, tawonani ine, ndafa kodi? Anati munthu akachita choona, njira imatseguka yokha. A Laisoni anamvetsera mpaka amalize, chipewa chili pabondo.

"Ndamva. Ndisiya mawa lomwe lino. Undibwereke ngodya imodzi ya puloti, ndi khonde loti ndizigonapo mpaka ndikolole. Ndikakolola ndidzaima pandekha."

Sankamuyesa ayi, ankanena zoona, bulangete anali atalipinda kale. Owen anapukuta manja nthawi yaitali. Kenako anati adikire, akafunse kaye. Anapita kuseri kwa nyumba kumene amayi ake ndi alongo ake ankapeta, ndipo mawu amamveka bwinobwino ngakhale ankayesa kunong'ona. Akuti mapulotiwo ndi a ana aakazi, Owen amangolimapo mwachifundo. Akuti malo ukabwereka mlendo mawa amasanduka mlandu. Akuti bambo wamasiye pakhonde, pamudzi pali atsikana, anthu ati chiyani? Ndiponso munthu wake ndi a Sefa omwe aja.

Owen anabwerera akuyenda ngati wanyamula thumba. Anayamba kufotokoza, koma a Laisoni anamudula.

"Usachite manyazi, amayi ako sanalakwe. Unachita bwino tsiku lija. Kungoti potuluka paja iwe unali ndi kolowera."

Anamaliza thobwa, anathokoza, anabwerera kukafunyulula bulangete lawo.

Patatha masiku angapo panafika tsiku limene a Laisoni ankaliopa. Chichokereni Owen, a Nelson ankakhala okha pampando pafupi ndi makina, maso ali pasipanala. A Laisoni anamasula thumba lotsatira osayang'ana mwini wake, anatola njere, anailuma, n'kuima. Mpunga umenewo ankaudziwa. Unali wa puloti ija, ya dothi la pabeseni. Atakweza maso, Fagness anali ataima potero, manja atapinda, osapereka moni. Mayiyo sakanachitira mwina, ana anafunika kudya.

Apa aliyense angakonde kumva kuti a Laisoni anatenga sipanala n'kumasula mpeni uja bwana akuona. Anaiyang'ana sipanalayo, zimenezo anthu anaona. Anayang'ananso chitseko cha kachipinda kawo. Kenako ananyamula thumba n'kuthira. Kwa ena linali phokoso la masiku onse, koma khutu lawo lija limamva njere iliyonse ikusweka. Atamaliza anamanga thumba, n'kulikankhira kwa mlamu wawo. Fagness analikweza pang'ono ndi dzanja limodzi, analibwezera pansi.

"Edith akanakhalapo," anatero. Anasenza n'kumapita.

Madzulo amenewo a Nelson anawatapira phoso lawo monga mwa masiku onse, mbale imodzi. A Laisoni anakhala nayo pakhomo pa kachipinda, poto ali pambali, moto osakoleza. Mu mbale imeneyo munali mpunga wa anthu, mwina wa Fagness yemweyo. Anautsanulira m'jumbo, anamanga, anapachika pamsomali. Mawa lake chimodzimodzi. Mkucha chimodzimodzi. Iwo amaphika phala la madeya, aja amadya nkhumba, n'kuvundulira malambe kuti lilowe. Malambe omwe aja sankawakonda.

Sabata itatha anatenga jumbo ija n'kupita kumudzi kwa malemu akazi awo. Sanalowe. Anaima pamalire, pa mtengo wa bwemba uja, n'kuodira. Fagness anatuluka, anamasula jumbo, anayang'ana mkati, n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Mwanditengera ndowa, mukundibwezera mbale?"

"Ndowa ndilibe, alamu. Changa ndi mbaleyo."

A Laisoni anaisiya patsinde pa mtengo n'kubwerera. Tawina sanamuone, anangomva mawu ake kuseri kwa nyumba akuthamangitsa mbuzi.

Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi. Sabata iliyonse jumbo imodzi, ndipo amayambira amayi amasiye ndi okalamba. Akamanga thumba la munthu, amaika kajumbo pamwamba. A Nelson anaona, koma akanati chiyani, phoso ndi la mwini wake. Anangoseka, n'kuwauza kuti adzafa ndi njala chifukwa cha matama. Amayi ena amalandira mwakachetechete. Ena amati n'zodzionetsera, akanakhala munthu akanangosiya ntchito. Mmodzi anawaponyera kajumboko pachifuwa, mpunga n'kumwazika pansi, ndipo iwo anagwada n'kutola njere imodziimodzi, mzere wonse ukuonerera. Aliyense ankadziwa, iwonso ankadziwa, kuti zimene zimagwera m'madeya tsiku limodzi sizingabwezedwe ndi phoso la mwezi. Sankanamizira kuti akukonza zinthu. Kungoti mpungawo pakhosi pawo sunkadutsanso.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, munthu anali atatha. Lamba wa buluku anamuboola ndi msomali kawiri. Thumba limene ankalikweza okha amachita kulikoka. Tsiku lina chizungulire chinawagwira ali pamakina, anakhala pansi mwadzidzidzi, mkono utatsala pang'ono kukodwa ndi lamba wa injini, amayi awiri n'kuwakokera panja kuwathira madzi. Anapuma pang'ono n'kubwerera pamakina. Owen atamva anabwera ndi ngolo, anatsitsa mtolo wa chinangwa pakhomo pa kachipinda, osatha kuwayang'ana kumaso. Anthu amati kuyambira nthawi imeneyo, wina akayamba kumutama za tsiku la dasikoti lija, iye amasintha nkhani.

Lamulungu lotsatira Fagness anacheuka m'tchalitchi. Pabenchi yakumbuyo shati yabuluu ija inali ngati yangopachikidwa pamtengo. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka mnzake anamugwedeza kuti agwade.

Lolemba m'mawa a Laisoni anali ataima pakazenera, lezala ili m'manja monga mwa masiku onse. Ana anadutsa, magulumagulu, ena akuthamanga. Atatsala pang'ono kuibweza, anamva mapazi. Khutu lija silinanamepo. Tawina anali atatalikako, dzino lija litamera, ndipo ananyamula mbale yovundikira yomanga m'kansalu. Anaikweza pakazenera ndi manja awiri. Munali futali wa mbatata, wa nsinjiro zambiri.

"Ababa, akuti mayi aang'ono mudye pompano ine ndikuona, musakagawenso. Akuti mzukwa ukaonda sumaopsa."

A Laisoni anafuna kuseka, koma zimene zinatuluka sizinali kuseka kwenikweni. Anatembenukira kukhoma pang'ono. Atabwerera, mwana anali atandanda mapensulo atatu pakazenera, onse obuntha, ina yolumidwalumidwa kumbuyo. Anati kusukulu kuli chosongolera cha mnzake, koma chimathyola. Iwo anayamba ndi mapensulo, futali akudikira. Yoyamba inathyoka kawiri. Tawina sanadandaule, anali atayamba kale kufotokoza za aphunzitsi atsopano, za amene wamenyana ndi yani, za njira ya kunjanji kuti ili ndi minga komanso galu wolusa. Za nyimbo ija sananene, iwonso sanafunse. Anadya futali yense mwana akuwerenga nthongo, anatsuka mbale, anaimanga m'kansalu.

Fagness sananenepo kuti chigamulo chija chafafanizidwa, ndipo amalume a mwana anakhala miyezi osawapatsa moni a Laisoni. Koma mbale imayenera kupita m'mawa uliwonse, ndipo woipititsa anali Tawina.

Sefa ija inagwira ntchito zaka ziwiri. Palibe amene anaigonjetsa, inangong'ambika yokha, pa nthawi imene magetsi anali atayambanso kukhazikika, zigayo zina zikulira, a Nelson n'kuona kuti amayi ayamba kuthawa. Anagula ya maso abwino, Kilombero n'kuyambanso kutuluka wathunthu. Dzina lokha silinachoke. Mpaka lero alipo amene amati a Sefa, ndipo pali amayi ena amene mpunga wawo sadzaupititsanso m'manja mwawo, zimenezo analumbira. A Laisoni sawatsutsa. Benchi yawo ikadali yakumbuyo.

Nkhani ikabuka pachitsime kapena pamaliro, yoti munthu weniweni anali ndani pakati pa Owen ndi a Laisoni, ambiri amati Owen, ndipo amanena mwachangu. Fagness salowerera. Tsiku lina atamukakamiza anangofunsa kuti, mwa inu nonse muli pano, ndani akanawapatsa khonde? Wina anangoyambitsa za mtengo wa feteleza.

A Laisoni akadali m'kachipinda komwe kaja. Tawina tsopano ali kusekondale yoyendera, amalemba ndi bolopeni, koma njira yake ndi yomweyo, ndipo m'chikwama mwake simusowa pensulo imodzi yobuntha. Amaima pakazenera, bambo ake n'kufikira lezala pamwamba pa chitseko. Akamaliza amauzira nsonga, amaiyesa pachala, amapereka. Kenako amamanga kansalu pamphuno n'kulowa m'chigayo kukaliza makina.